Kachitseko Kamene Alamu Anamanga ndi Waya

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, anali ndi chiphunzitso chimodzi chokha pa nkhani ya makina, ndipo ankachisunga kuposa mmene ankasungira Lenti. Ankati pa galimoto chinthu chololedwa kuyenda ndi tayala basi. China chilichonse chikayamba kugwedera, chimangidwe. Kuseri kwa mpando wawo kunkakhala waya, uja womangira mabelo, ndi pulaya yothyoka chogwirira chimodzi. Ndi zida ziwirizi anakhalitsa chete chitseko, madigadi, batire ndi galasi loonera kumbuyo. Achemwali ankati tsiku lina adzadzuka atamangiriridwa kumwendo wa bedi chifukwa chotembenuka kutulo.

Ine ndinafika pakhomo pawo, m'mudzi wina wa mbali za ku Kasina, nditachoka ku koleji ku Blantyre. Anthu akandifunsa ngati ndinamaliza, ndinkayankha kuti inde, ine ndi masamu tinamalizana. Linali banja losagwirizana kuyambira pachiyambi, ndipo ankhoswe a mbali zonse anaona kuti ndi bwino aliyense abwerere kwawo. Katundu amene ndinatuluka naye anali jekete, kalankhulidwe ka m'tauni, ndi zithunzi zingapo za makina zimene zinakanirira m'mutu popanda manambala ake. Alamu anandipatsa ntchito pa lole imene ankayendetsa: kumanga zipika ndi unyolo, ndi kuthamanga ndi mwala kukatchinga tayala tikaima pachitunda. Anandipatsanso dzina laulemu lakuti a Injiniya, limene ankalitchula mokweza makamaka ndikakhala nditasenza mwalawo.

Loleyo inali ya bambo wina Msilamu wa sitolo m'tauni ya Dedza. Anaigula itagwirako kale ntchito kuJoni, ndipo inkatuta zipika za paini ku Phiri la Dedza, masiku ena n'kutsitsa matabwa ku Lilongwe. Pa malole onse amene ndinkawadziwa kumeneko, iyi yokha ndiyo inali ndi tebo, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya injini. Alamu akaponda moto, pansi pa kubangula kwa injini pankatuluka kamluzu kosalala, kokwera pang'onopang'ono, ngati pali munthu wabata amene wakhala m'katimo akuimba nyimbo yake. Ocheka matabwa m'nkhalango ankasiya sowo n'kumvetsera.

Ku koleji ndinaonako tebo atajambula pa bolodi, ndipo ndi phunziro lokhalo limene ndinakhala maso mpaka belu. Utsi umene injini zina zimataya ngati zinyalala, iyi imaupatsa ntchito usanatuluke. Utsiwo umazungulitsa kampero kachitsulo, ka mapiko ngati fani; kamperoko kali pa mtengo umodzi ndi kanzake, ndipo kanzakeko kamakankhira mpweya m'kamwa mwa injini. Injini ikadya mpweya wambiri imatulutsa utsi wambiri, utsiwo umazungulitsa kampero mwamphamvu, mpweya n'kuchulukanso. Ndiye kuti chinthu chodzidyetsa ndi mpweya wake womwe. Kwathu kuno n'kumwamba, mpweya ndi woonda. Malole ochokera kunyanja akafika pazitunda zathu amapumira m'mwamba ngati nkhalamba. Yathuyi inkadzitengera mpweya wake. Ndinayesa kufotokozera alamu zonsezi tsiku lina tikudya mbatata. Anamvetsera mpaka kumapeto mwaulemu, kenako anati, "Ndiye masamuwo anakuvutani pati, a Injiniya?"

Misewu ya m'nkhalango imagwedeza munthu mpaka mano. Mvula ya chaka chimenecho itayamba, loleyo inayamba kufooka. Pachitunda inkatulutsa utsi wakuda bii, kamluzu kaja kankachedwa kubwera, ndipo penapake pansi pa mpando pankamveka kakuti ngwengwengwe. Kufookako alamu akanapirira. Ngwengwengwe uja ndiye anali mwano. Tsiku lina ine nditapita kukasamba kumtsinje, anakweza mutu wa lole, umene pansi pake pamakhala injini, n'kufufuza mpaka kupeza wolakwa: kamkono kachitsulo pambali pa tebo, kolumikizika ku kandodo kochokera mu kachitini kozungulira. Anakagwedeza ndi chala, kanayankha. Anakakokera kumbali ya kachitini kaja, n'kukamanga ndi waya ndi chikondi chonse.

M'mawa mwake tinakwera phiri ndi lole ina. Sindikudziwa mawu ena oti ndinene. Kamluzu kaja kanakwera kufika pamene kankalekezera kale, osalekeza, kanapitirira mpaka kulowa m'mano. Mitengo ya paini inkadutsa ngati ikuthawa moto. Tinatsika titadzaza zipika, n'kukwera chitunda chimene kale tinkakwera ndi giya yoyamba ndi pemphero, tsopano tili pa giya yachitatu, ine nditafungata mwala wanga wopanda ntchito. Kunena zoona ndinachita mantha a mtundu uja munthu amachita m'tchalitchi chachikulu. Alamu anangochotsa chipewa, n'kuchiika pabondo.

"Mwaichita chiyani loleyi, alamu?"

"Ndaiphunzitsa khalidwe."

Sanandiuze zambiri, ndipo ine sindinakweze mutu wa lole kuti ndione. Munthu akaona chozizwitsa safunsa kuti wachimanga ndi chiyani.

M'sabata yomweyo, pa msewu waukulu wopita ku Lilongwe, tinapeza kagalimoto kakukwawa pachitunda. Alamu anaponda moto. Tinakapitirira ndi matabwa athu onse, mluzu uli m'mwamba, ndipo pokhapokha titafanana nako m'pamene ndinaona kambendera patsogolo ndi nkhope imene boma lonse linkaidziwa: a tcheyamani a chipani a dera lathu. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, choncho panalibe chifukwa chofunsa kuti chiti. Madzulo ake uthenga unafika kusitolo. Mwini dziko akubwera kudzayendera mbewu. Padzakhala msonkhano pabwalo lalikulu. Amayi a chipani a midzi yathu adzapita kukavina. Ndipo a tcheyamani aona ndi maso awo lole yoyenera kunyamula amayiwo. Adzakwera kutsogolo iwo eni.

Mwini lole anatiuza izi ataima pakhonde la sitolo yake, akuyang'ana kumsewu osati kwa ife. Anati lole ikapemphedwa ndi chipani imaleka kukhala yake mpaka itabwezedwa, ndipo dalaivala wake ndiye mwini nkhani. Alamu anayenda tsiku lonse chifuwa chili patsogolo.

Kuphulika koyamba kunachitika m'nkhalango. Tikukwera ndi zipika, mluzu uli pamwamba penipeni, panamveka phuu! kwa mtundu umene sufuna kumasulira. Ocheka matabwa anadziponya m'tchire. Ine ndinapezeka pansi pa mpando, malo amene sindinkadziwa kuti ndingakwanemo. Lole inafa mphamvu pomwepo n'kuyamba kutsokomola utsi. Titakweza mutu tinapeza kuti payipi yaikulu ya mphira, yotenga mpweya kuchoka ku tebo kupita ku injini, yavuka pamalo pake. Alamu anaibwezera, anamanga kilampu, n'kuwonjezera waya pamwamba pake.

Kwachiwiri kunachitika pa Linthipe, tsiku la msika, tikunyamuka ndi katundu. Phuu! Amayi ogulitsa kabichi anagona pansi, nkhuku zinabalalika, bambo wina anathawa n'kusiya njinga ili chiimire kwa kamphindi isanaganize zogwa. Anyamata awiri a malaya ofiira, amene ankaona makhadi a chipani pachipata cha msika, anabwera akuthamanga.

"Waomba mfuti ndani?"

Alamu anawaonetsa payipi. Anyamatawo anaiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna ivomere mlandu. Kenako wina anati, "Si lole ya amayi iyi?" Anatiuza kuti tizipita, koma maso ake anatiperekeza mpaka pamlatho.

Panjira tonse tinkaona chithunzi chimodzi. Bwalo la msonkhano lili pamwamba pa chitunda chachitali. Tsiku limenelo m'mbali mwa msewu mudzakhala apolisi ndi asilikali, mfuti zili m'manja, makutu ali tcheru. Ndiye lole yodzaza amayi ikwere pakati pawo, iphulike ngati mfuti, mwini dziko ali pafupi. Zaka zimenezo munthu ankatengedwa kukafunsidwa mafunso pa zinthu zochepa kuposa pamenepa, ndipo mafunsowo ankatha kutenga zaka. Kukana ulendo sikukanatheka: a tcheyamani anaiona loleyo ikuuluka, ndiye ukanena kuti yadwala, wadwala ndi iweyo, matenda ake osakonda boma. Kufika mochedwa ndi amayi ovina nakonso kunali ndi dzina lake.

"Alamu," ndinatero, "khalidwe lija munaiphunzitsa loleyi, munaliphunzitsira pati?"

Tsiku loti mawa lake ndi msonkhano, masana, tinaimika lole pabwalo la nyumba n'kukweza mutu. Alamu analoza ntchito yawo ndi pulaya, monyadira pang'ono ngakhale zinali choncho. Ndinayang'ana kachitini, kandodo, kamkono, ndi kapayipi kakang'ono kochokera ku tebo kulowa mu kachitiniko. Chithunzi cha pa bolodi chija chinabwera chonse, mpaka fumbi la choko.

Chinthu chodzidyetsa chokha chili ndi vuto limodzi: sichidziwa kukhuta. Mpweya uchuluke, utsi uchuluke, kampero kathamange, mpweya uchulukenso, mpaka china chake ching'ambike. Ndiye amene anapanga tebo anaika kachitseko m'njira ya utsi. Mu kachitini muja muli sipuling'i yokoka kandodo, kandodo n'kukoka kamkono, kachitseko n'kukhala kotseka. Koma mpweya ukakwana, wina umadutsa mu kapayipi kaja, n'kukankha kachikopa ka mphira mu kachitinimo, n'kugonjetsa sipuling'i. Kandodo kamatuluka, kachitseko kamatseguka, utsi wina umalambalala kampero n'kudzipitira. Palibe amene amakauza. Kamadziwa kokha kuti apa zakwana.

"Ndiye inuyo, alamu, mwamanga mlonda wa pakhomo. Mpweya ukasowa wouletsa umavula payipi. Mukamanga payipi kuti isavuke, udzafuna khomo lina, ndipo lotsatira lili m'kati mwa injini."

"Kankagwedera," anatero alamu.

"Kamayenera kuyenda."

"Kuyenda ndi kugwedera n'zosiyana, a Injiniya. Munthu woyenda ali ndi kopita. Aka kankangoti ngwengwengwe ngati mlamu wopanda ntchito."

Apa anali ndi mfundo, ngakhale inabwera ndi mwala m'kati. Chithunzi changa chinalibe ngwengwengwe. Pa bolodi kachitseko kanali kotseka ndithu mpaka nthawi yake. Tikangodula waya, tibwerera ku lole yofooka ya utsi wakuda, imene singakwere chitunda chija ndi amayi a midzi yonse. Tidzafika msonkhano utatha, kapena osafika. Kukhala ndi waya kunali kuphulika. Kupanda waya kunali kuchedwa. Tinkafuna chapakati, ndipo chapakaticho palibe mwa ife amene anachionapo.

Alamu anadula waya okha. Anachita ngati munthu wodula chingwe cha mbuzi imene wagulitsa. Kamkono kanamasuka, ndipo atakagunda ndi chala kanayankha monga kale.

Ndinati tiyambe taona ngati mlondayo akadali moyo. Tinavula kapayipi kakang'ono kumbali ya tebo, n'kulowetsamo kamwa ya pampu ya njinga, n'kukulunga ndi mphira ya chubu. Alamu anapopa. Palibe chinachitika. Anapopanso mpaka thukuta, kandodo kali duu. Mtima wanga unatsika, pakuti kachikopa kakanakhala kong'ambika, chinthu chotero sukanachipeza m'sitolo iliyonse pakati pa Dedza ndi Lilongwe.

Achemwali anali akuchapa pafupi, akutiyang'ana ndi diso lija mkazi amayang'anira amuna awiri amene akuwononga tsiku.

"Inu abambo, chikulira ngati njoka n'chiyani?"

"Palibe chikulira."

"Mukapopa chikulira. Nonse awiri makutu anatha ndi injini."

Anabwera ndi manja a thovu la sopo, n'kupaka kapayipi konse monga amachitira pofuna bowo pa chubu cha njinga. Alamu anapopa. Pafupi ndi kachitini panatuluka kathovu kamodzi, kanakula, kanaphulika, kena n'kubadwa. Kapayipi kanali kong'ambika pakamwa. Ndiye kuti tikanangodula waya n'kumangitsa kandodo, mlondayo akanakhala womasuka koma wogontha: uthenga woti zakwana sukanamufika, ndipo tikanaphulika chimodzimodzi, tili ndi mtima woyera. Tinadula mbali yong'ambikayo ndi mpeni, n'kulowetsa yotsalayo.

"Popani, alamu."

Anapopa kamodzi, kawiri. Kandodo kananjenjemera. Anapopanso, ndipo kanatuluka, mwakachetechete, mosalala, kakukankha kamkono patsogolo pake. Injini ili yozima, palibe dzanja lokagwira, mpweya wa pampu ya njinga basi. Alamu anasiya kupopa. Kanaima pomwepo, osabwerera, kusonyeza kuti kachikopa n'kabwino. Titamasula pampu, mpweya unati fyuu, kandodo n'kubwerera m'nyumba mwake.

Ndaonapo zinthu zazikulu pambuyo pake, madamu ndi ndege, koma sindikumbuka china chimene chinandiimitsa tsitsi ngati kachitsulo kaja, kotalika ngati chala, kakutuluka n'kubwerera pabwalo la achemwali, nkhuku zikudutsa pansi pake.

"Bwerezani," anatero achemwali.

Tinabwereza. Tinabwerezanso kangapo popanda chifukwa cha umisiri.

Tsopano kunatsala ngwengwengwe. Kandodo kaja kanali ndi mbali ziwiri zolowetsana ndi mazinga ngati a bawuti, ndi nati yozimanga kuti zisatembenuke. Natiyo inali itamasuka, n'kuthawira kutali. Msewu wa m'nkhalango unali utapotokola kandodo pang'onopang'ono mpaka kutalika. Kakatalika, sipuling'i sikoka mokwanira, kachitseko kamakhala kotseguka pang'ono nthawi zonse, utsi n'kumathawa usanagwire ntchito. Kufooka kuja n'kumeneko, ndi phokoso lomwe. Mankhwala ake anali kukafupikitsa. Koma kufupikitsa mpaka pati? Ukafupikitsa pang'ono, lole yofooka. Ukapitiriza, wabwezera waya mwa njira yaulemu. Geji yoyezera mpweya tinalibe. Manambala ake ndinawasiya ku Blantyre pamodzi ndi banja lija.

Alamu anapukuta kandodo ndi nsanza yoviika mu dizilo, n'kukayang'anitsitsa. Mazinga ena anali akuda ndi dzimbiri la zaka, ena owala, amene anakhala obisika m'kati mpaka posachedwa. Malire ake ankaoneka bwino. Ndipo pamalirepo panali kadontho ka penti yachikasu, kong'ambika pakati: theka pa kandodo, theka linalo litathawa ndi nati.

Ndinaganiza za munthu amene anadontheza pentiyo. Kudziko lina lozizira, m'fakitale, anayeza kachitini aka ndi zida zake zonse, anamanga nati, n'kuviika kaburashi. Sankadziwa Dedza. Sankadziwa a tcheyamani. Mwina ankaganiza za chakudya chamasana. Koma anasiya mawu ake pamenepo, ndipo mawuwo anayenda pa sitima, anagwira ntchito kuJoni, anakwera mapiri athu pansi pa matope, kudikira tsiku limene anthu awiri amantha adzawafune.

Tinachotsa kandodo pa kamsomali ka kamkono, n'kupotokola mpaka mazinga owala onse atabisika, n'kubweza nati ndi sipanala mpaka matheka awiri a penti atapsompsonana. Pobwezera, bowo la kandodo silinafike pa kamsomali. Linaperewera ngati theka la bowolo. Alamu anachita kukakoka ndi pulaya, kulimbana ndi sipuling'i, kuti kalowe. Atakagunda ndi chala, kanakhala chete.

"Mwaona," anatero. "Nkhani yake inali yomanga ndithu. Ndinangolakwitsa chomangira."

Kenako anagwiranso sipanala.

"Mukutani, alamu?"

"Kupotokola kamodzi kokha. Ka bonasi. Amayi aja si opepuka."

"Mzungu wa penti anati apa."

"Mzungu wa penti anawaonapo amayi a kwathu atadya?"

Tinakangana mpaka achemwali analanda sipanala n'kuiponya mu beseni la zochapa. Anati ngati amuna awo akufuna bonasi akaipeza kundende, kumene amva kuti nyemba amawonjezera.

Tinayesa madzulo omwewo dzuwa lisanalowe. Tinakweza zipika zimene zinali pabwalo, ndi anthu a kwaya amene ankachokera kokonzekera nyimbo ndipo sanafunse kuti tikupita kuti. Pa chitunda cha kuseri kwa mudzi alamu anaponda moto mpaka pansi. Mluzu unabwera msanga, unakwera, unakwera, ine nditagwira chitseko. Ndiye pamalo ena unaleka kukwera. Sunatsike, sunaduke, unangogona pa liwu limodzi n'kukhala pomwepo, lole ikukoka mofatsa ngati ng'ombe yodziwa munda. Utsi kumbuyo unali wotuwa pang'ono chabe.

"Yalekera panjira," anatero alamu.

"Yakhuta."

Anatsitsa giya imodzi, nkhope ili ngati ya munthu amene wabwezedwa ku sitandade imene anakhoza kale.

Tsiku la msonkhano kunacha ndi nkhungu. Amayi anakwera atavala nsalu zofanana za nkhope ya mwini dziko, ndi ng'oma, ndi ana kumsana, mpaka lole inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Achemwali anali momwemo, pakuti pa zovina panalibe wodwala. A tcheyamani anakhala kutsogolo pakati pa alamu ndi ine, atavala suti yonunkha mankhwala a njenjete. Mwala wanga unali pamapazi panga.

Nyimbo zinayamba tisanatuluke m'mudzi. Titafika pa msewu waukulu nkhungu inayamba kung'ambika, ndipo patsogolo panaoneka chitunda chija, chonse, ndi anthu m'mbali zonse ziwiri ngati mizere ya chimanga. Apolisi anali ataima motalikirana pang'ono. Chakumtunda kunali asilikali. Ndinaona mfuti zambiri tsiku limenelo kuposa masiku ena onse a moyo wanga, ndipo iliyonse inkaoneka ngati ili ndi khutu.

Kutsogolo kwathu kunali lole ina ya amayi a dera lina, ikukwawa.

"Ipitirireni iyo," anatero a tcheyamani. "Ngati tsiku lija munandichita ine. Aone kuti kwathu kuli anthu."

"Bwana, msewu wachepa."

"Msewu ndi wa boma. Pondani."

Alamu anandiyang'ana kudzera pamwamba pa mimba ya a tcheyamani. Kenako anachita chizindikiro cha mtanda mofulumira, ngati akuthamangitsa ntchentche, n'kuponda mpaka pansi.

Mluzu unanyamuka. Pansi pa ng'oma, pansi pa mawu a amayi onse aja, ine ndinkaumva wokha, ngati ulusi woyera pansalu yakuda. Unakwera. Tinafanana ndi tayala lakumbuyo la lole inayo. Unakwerabe. Msilikali wina m'mbali mwa msewu anatembenuza mutu kutiyang'ana. Ndinadziwa malo amene payipi inkavukira. Khutu langa linali litawasunga, ndipo tinali kuyandikira. Ndinaona m'maganizo kapayipi kodulidwa ndi mpeni wa kukhitchini, kachikopa ka mphira, kadontho ka penti.

Ndiye pansi pa mpando, mu mdima ndi moto, mmene munalibe woona, kachitseko kanatseguka. Mluzu unagona pa liwu lake limodzi lija n'kukhala. Lole sinalumphe. Inangokoka, mofatsa, mphuno yake ili pa tayala la inzake, osapitirira, osatsalira. Tinakwera chitunda chonse motero, malole awiri moyandikana, amayi a uku ndi a uko akuponyerana nyimbo pamwamba pa matayala. Anthu m'mbali mwa msewu anayamba kuwomba m'manja, poganiza kuti zinakonzedwa.

Pamwamba alamu anabwerera kumbuyo kwa inzathuyo, n'kuima pamene wapolisi analoza. Anazimitsa injini. Manja awo anakana kuchoka pa chiwongolero.

"Yatha mphamvu lole yanuyi," anatero a tcheyamani. "Tsiku lija inkauluka."

"Tsiku lija inanyamula matabwa, bwana," anatero alamu. "Lero yanyamula ulemu. Ulemu ndi wolemera."

A tcheyamani anaganizira mawuwa, anawatembenuza uku ndi uku kufuna poluma, osapapeza. Anatsika n'kukonza suti. Pa misonkhano yotsatira anasankha lole ya munthu wina, ndipo ife tinalandira chilangocho modzichepetsa.

Mwini dziko sindinamuone bwino. Ndinaona fumbi la galimoto zake, ndi kanthu koyera kakugwedezeka pamwamba pa mitu ya anthu. Madalaivala anauzidwa kukhala pafupi ndi malole awo, choncho ine ndi alamu tinatsala kuseri kwa bwalo, phokoso lonse likutipeza ngati mvula ya kutsidya. Patapita nthawi alamu anayang'ana uku ndi uku, n'kukweza mutu wa lole. Tebo inali ikadali yotentha, ikulira tiki, tiki pozizira. Payipi yaikulu inali pamalo pake. Kandodo kanali m'nyumba mwake, penti yachikasu ili yathunthu.

Anaima nthawi yaitali akukayang'ana. Ndinaona dzanja lawo likupita lokha kuthumba la ovolosi, kumene kunali pulaya ndi kachidutswa ka waya. Linafika pakamwa pa thumba, linaima. Kenako analibweza, n'kuligwira ndi linzake kumbuyo, monga amachitira akalowa m'tchalitchi mochedwa.

"A Injiniya," anatero motsitsa mawu, "ndiye kamatseguka nthawi zonse tikakwera?"

"Nthawi zonse zikakwana."

"Popanda wokauza."

"Popanda."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. Kubwaloko ng'oma zinasintha, ndipo pakati pa mawu onse aja ndinaganiza kuti ndamva a achemwali, amene madzulo a tsikulo adzabwerera kwawo ndi amuna awo.

"Musakauze anthu," anatero alamu, akutsitsa mutu wa lole. "Angakatenge kukakafunsa mafunso."

Potseka, chitseko cha mbali yanga chinagwedera. Nkhope yawo inawala. Anatulutsa waya.